Ndiima Kumbuyo kwa Yani, Amayi?

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno tilipo, koma mtima wanga sukukhazikika, ndiye ndati ndiuze inu poti simungakaulule.

Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu Esinati anabereka mwana wamkazi, tinamutcha dzina lanu, ndipo kulongolola watengera inu nomwe. Nandolo wachita bwino, koma chimanga dzombe linatithandiza kukolola. Ine ndikadathyolabe tiyi ku esiteti. Thangata silinathe, wokana kukagwirira mzungu amamugwetsera nyumba.

Nkhani ndi ya alongo anu, amalume a Yotamu. Paja bungwe lathu la anthu okhala m'minda ya azungu linawasankha kuti azikatiyankhulira ku boma. Nthawi yawo yatha, Loweruka lino tisankhanso, ndipo iwo mpandowo akuufunabe.

Poyambira ali napo. Bwana Disi, mzungu wa ku boma, amawadziwa dzina, amesinjala sawaimitsa pakhomo, ndipo njinga imene bungwe linawagulira yawafikitsa pamaliro onse kuyambira ku Goliati mpaka ku Masambanjati. Koma njinga yomweyo ndiyo ikuwadya: anthu akuti ife tikuyenda wapansi, Yotamu akutiwaza matope. Akuti analonjeza kuti thangata lichepa, koma zachepa ndi ziuno zathu, chawo chikukula. Mabanja amene amalume anawapepesera kwa azungu kuti asathamangitsidwe ali duu. Ogwetseredwa nyumba ndiwo akufuula. Munkanena kuti alongo anu amamva bwino ndi khutu loloza kwa mzungu. Ndinkaseka, koma lero akanena ena ndimapsa mtima.

Akupikisana ndi alamu anga a Filipo, mwini mbumba kuno kuchikamwini. Iwowa sanalowepo mu ofesi ya boma, ndiye sanalakwepo kanthu, pakamwa mpokoma. Tsono mukudziwa masankhidwe athu: awiriwo amaima pabwalo, aliyense n'kukandanda kumbuyo kwa amene akumufuna, dzuwa likuswa mtengo. Ndikaima kwa amalume, a Filipo andilanda munda wa nthochi umene ndaukhetsera thukuta, mwina andiloza ndi njira yomwe. Ndikaima kwa alamu, ndakana munthu amene anakusungani mukudwala mpaka tsiku lomwe munatisiya. Ndinaganiza zodwala tsikulo, koma Esinati wati matenda otere mudzi wonse udzawadziwa dzina.

Dzulo amalume anandipeza kumunda ndikupalira. Ndimayesa abwera kudzandikumbutsa za ubale, ndipo ndinali nditakonza kale bodza. Koma iwo anati, “Mphwanga, ukaime kwa alamu ako. Ine ndikagwa ndigwera kwathu. Iwe akakupirikitsa, mwanayu akula wopanda bambo. Sindidzacheuka kuti ndione amene ali kumbuyo kwanga.” Atatero anapita osalandira ngakhale madzi. Akalamba, Amayi, imvi zili mbuu.

Kaya ndi chikondi, kaya ndi nzeru za munthu wozolowera mpando, sindikudziwa. Alongo anu mumawadziwa ndinu. Chimene ndikudziwa n'chakuti zandipweteka kuposa akanandikalipira.

Ndiima kwa a Filipo, mundikhululukire. Koma ndikulonjeza ichi: alongo anu akagwa, anthu n'kuthamangira kukanyamula wopambana, iwo sadzabwerera okha. Ndidzatuluka mumzeremo alamu akuona, ndiwaperekeze mpaka pakhomo pawo.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi wokusowani,
Samisoni