Datsun ya Ababa

Lolemba, 9 Juni

Chiperoni kuyambira m'mawa. Phiri la Ndirande losaoneka, zala zouma. Koma Datsun ya malemu ababa yalira lero, koyamba ndi injini yatsopano. Makabureta awiri, ndi kamu yaukali, chitsulo chowonjezera mphamvu ya injini, ija achimwene a Kingsley anaitanitsa ku Joni. Yalira, kungoti siikukhazikika. Ndikachotsa phazi pa moto, ikukhosomola n'kuzima. Ku ekizozi utsi wakuda bii, maso kuwawa. Petulo wachuluka, mpweya wachepa.

Mpikisano wa sipini mwezi wamawa, uja wozunguliza galimoto pabwalo mpaka matayala afuke. Woyendetsa ndine. Achimwene ananena okha pa Pasaka, amayi ali pomwepo: "Wavutika nayo ndi Ursula, aiyendetsa yekha."

Lachiwiri, 10 Juni

Ntchito pagalaja yochepa, mabuleki a minibasi basi. Masana onse pa Datsun.

Ndinaisiya itenthe kaye. Ababa ankati injini yozizira imanama. Masikuluwu a petulo ndawatseka pang'onopang'ono mpaka kugunda, n'kuwabweza mofanana. Kenako paipi kukhutu, mbali inayo pakamwa pa kabureta, kumvera kakokedwe ka mpweya. Yakutsogolo ikukoka kwambiri, yakumbuyo yaulesi. Ndazilinganiza. Ikuzimabe.

Amayi ogulitsa mandasi pafupi nafe adandaula za utsi. Ndawagula mandasi kuti nkhani ithe. Petulo wa m'chigubu watsala pang'ono, ndipo pa filingi mzere wake wosayamba.

Lachinayi, 12 Juni

Ndalipeza vuto. Gasiketi ya pansi pa kabureta yakumbuyo inang'ambika, imaba mpweya. Ndadula ina. Kuliza, kuchotsa phazi, kudikira. Siinazime. Ikugunda mwamphamvu, boneti kunjenjemera, monga iyenera kuchitira injini ya kamu yotere. Mapulagi ndawatulutsa, mtundu wa tiyi wamkaka, chizindikiro choti zili bwino. Ndinakhala pa tayala n'kumangomvera. Ababa akanamva.

Achimwene anabwera, anamvera, nkhope yosasangalala. Akuti aidilingi, kaliridwe ka injini galimoto itaima, nditsitse, ikhale phee. "Ikunjenjemera kwambiri, munthu angaganize kuti ndi yowonongeka." Munthu wake uti? Pa sipini ndani amamvera aidilingi? Ndinawauza kuti ndikatsitsa kwambiri izizima ikazizira. Anaumirira. Ndatsitsa.

Madzulo aitsukitsa, mpando wong'ambika uja apita nawo kwa telala. Ndinakondwa. Ndimati ayamba kuikonda.

Loweruka, 14 Juni

Achimwene ananditumiza ku Bangwe m'mamawa, kuti lole ya kasitomala yafera pamsewu. Ndafika, vuto lake waya wa batire womasuka, woti dalaivala akanamanga yekha.

Pobwera, shedi yopanda kanthu. Dontho la oyilo pansi, ndi njerwa zomwe ndimatchingira matayala.

Ndinayamba ndaganiza za akuba. Amayi a mandasi ndi amene anandiuza, osandiyang'ana kumaso. Kunabwera bambo wina pa galimoto yoyera, anamvera injini, anagwirana chanza ndi achimwene, n'kunyamuka nayo. Foni ya achimwene yozimitsa. Amayi anga ali ku mapemphero a limana.

Sindinadye.

Lamulungu, 15 Juni

Tachokera ku Misa, atatu pabalaza. Yagulitsidwa. Chuma cha lobola ya Olivia, bwenzi la achimwene. Kwawo ku Bangula atopa kudikira, akuti mwezi uno ukatha mwana wawo amutenga.

Achimwene maso pa foni nthawi yonse. Anangoti akanandiuza ndikanakana. Zoona, ndikanakana. Ndiye n'chifukwa chake munthu amafunsidwa.

Chondipweteka kwambiri ndi amayi. Ankadziwa. Ankandiwiritsira madzi osamba ndikabwera wakuda ndi girisi, akudziwa. "Iwe udzakwatiwa, galimotoyo ukanapita nayo kwa eni ake. Mlongo wakoyu akumanga banja la pano." Anatero mofatsa, ngati akundiphunzitsa kupatsa moni.

Amene ankagwirira ababa tochi pansi pa galimoto ija ndine. Achimwene ali ku mpira.

Sindinalire pamaso pawo.

Lachinayi, 19 Juni

Kugalaja sindikupita. Amayi akuuza anthu kuti ndili ndi malungo. Olivia watumiza uthenga, akuti pepani alamu, sindimadziwa. Mwina n'zoona. Sindinayankhe.

Girisi wa m'zikhadabo wayamba kutha.

Lachitatu, 25 Juni

Wogula uja anabwera kunyumba kudzandifuna. A Austin, a ku Naperi. Munthu waulemu, wa imvi, anavula chipewa popatsa moni amayi. Ndimafuna kudana nawo koma sizinatheke.

Datsun ikuzima pa maloboti paliponse. Anaipereka kwa makanika wina, wangoisokoneza. Akupempha ndikaione.

Kenako mawu awa, akuseka, akuganiza kuti akundiyamikira: "Pogula kamu ija mu Malichi ndinkakayika, koma a Kingsley anati mlongo wanga ndiye katswiri, akukonzerani bwinobwino."

Malichi. Pasaka inali mu Epulo.

Ndiye kuti ponena zoti ndidzayendetsa ndine, galimoto inali ya eni kale. Kamu, makabureta, zonse anagula ndi a Austin. Ine ndimagwira ganyu osadziwa. Ndi kutsitsa aidilingi kuja, ndimakonzera khutu la wogula.

A Austin ataona nkhope yanga anasiya kuseka. Anafunsa ngati alankhula molakwa. Amayi anadzuka kupita kukhitchini.

Lachinayi, 26 Juni

Ndinapita ku Naperi. Sindikudziwa chifukwa chake. Mwina kungoti sindikanatha kugona ndikudziwa kuti ikukhosomola.

Mpanda wa njerwa, agalu, Datsun pansi pa mtengo wa mapeyala. Kolona ya ababa ikadali pa galasi. Makanika uja anatsegula masikuluwu mopyola, mapulagi akuda ngati makala. Ndayambiranso, paipi kukhutu. Aidilingi ndaibweza pomwe ndinaisiya poyamba, yokwera, yonjenjemera. Ndawauza a Austin kuti galimotoyi ndi mmene ilili, asalole munthu aikhazike chete.

Anandipatsa makiyi kuti ndiiyese pamsewu. Ndinakana. Ndikanakwera sindikanabwera nayo.

Anafunsa mtengo wa ntchito. Ndinangotenga kolona.

Loweruka, 28 Juni

Lero akupita ku Bangula kukapereka chuma. Amalume afika dzulo. Amayi andisitira chitenje chofanana ndi chawo, achiyala pabedi langa. Achimwene anaima pachitseko m'mawa uno, atavala jekete: "Mlongo, zatha izi, tiye tikasangalale." Pepani sanamutchule.

Madina, mnzanga wa kusukulu ya zaumakanika, ali ndi kamalo ku Machinjiri, m'mbali mwa msewu. Shedi ya malata, palibe magetsi. Akuti makasitomala ndi a njinga zamoto, galimoto mwa apo ndi apo. Ndamuuza kuti ndibwera lero.

Minibasi ya ulendo wa ku Bangula yafika, ikuimba hutala. Amayi akuitana panja, akuti Ursula usatichititse manyazi.

Bokosi la masipanala a ababa ndalimanga kale, lili kuseri kwa chitseko. Ili lokha sindifunsa munthu. Ndingodikira anyamuke.