Mkamwana Pachithunzi

Lolemba, 10 Juni

Lenzi ya kamera yanga yafika kuchokera ku Tunduma! Kukula kwake ngati fulasiki ya tiyi. Akazi anga angoiyang'ana n'kuti, "Ndiye njinga yathu ija yasanduka chimenechi?" Ndangowasiya. Za luso sazidziwa.

A Yakobo, mlimi wa khofi ku Misuku, akufuna chithunzi cha banja choti atumizire mwana wawo Emmanuel ku Joni. Akuti chikawakomera, ukwati wa mwana wawo wamkazi Fiona ndijambula ndine. Apo ayi, apatsa Brave. Brave wojambula ndi kafoni kong'aluka uja! Ukwati umenewu ukandiphonya, pakhomo pano sindidzatsegulanso pakamwa.

Lachitatu, 12 Juni

Misuku ndi mtunda, abale. Wakabaza anachita kunditsitsa kuti tizikankhira limodzi. Kumtundako nkhungu yokhayokha, ndiye kabowo ka lenzi ndinakatsegula konse kuti kuwala kulowe kokwanira.

Onse anaima bwinobwino kupatula Emelda, mkazi wa Emmanuel. Iye anakaima kutali, ku nthochi, atayang'ana kumbali. Ine mwana wa ku Balaka, pakamwa yasa: "Alamu, sunthirani kuno, mutsamire adadawa!"

A Yakobo anakhosomola, maso kumwamba. Fiona anandinong'oneza kuti pabanja pawo mkamwana sayandikira apongozi ake aamuna, ngakhale kuyang'anana kumaso sayang'anana. Manyazi ake! Ndinangojambula msangamsanga n'kuliyatsa.

Lachinayi, 13 Juni

Ndafa ine. Pachithunzipo a Yakobo atuluka bwino zedi, ndevu ungaziwerenge. Emelda ndiye utsi wovala chitenje. Kabowo kotsegula konse ndi momwe kamachitira: kamaona pamalo amodzi, zakumbuyo zonse mbuu. Ndinkazidziwa ndithu, koma chilenzichi chinandizunguza mutu.

Akazi anga aseka mpaka misozi. Ati, "Koma foni ya Brave sijambula mizukwa."

Lachisanu, 14 Juni

Misuku kachiwiri. Ndadikira dzuwa, kabowo ndakachepetsa, kamera ndaikhazika pa thumba la khofi kuti isagwedezeke. Onse aoneka, Emelda ndi nthochi zake zomwe. Brave akagwere uko.

Lolemba, 17 Juni

Ndatsukitsa zonse ziwiri pa Boma, n'kupita nazo. Choipa chija ndinachibisa m'chikwama, chabwinocho n'kupereka ndi manja awiri.

A Yakobo anavala magalasi, kuchiyandikitsa, kenaka kudumpha ngati apondera khala la moto. Chithunzi anachivundikira pansi.

"Ada, mwandichita chiyani? Chikwatiwire mkamwana wangayu pano sindinamuonepo kumaso. Lero mwandionetsa ndi mano omwe! Fiona, muimbire Brave."

Ndinaona kale nkhope ya akazi anga. Fiona akusaka nambala, ine ndinasolola chautsi chija. Ndinati palibenso chotaya.

A Yakobo anachiyang'ana kanthawi. Anakhudza ndevu zawo za pachithunzipo, n'kuloza mtambo wa ku nthochi uja.

"Uyu ndi mkamwana?"

"Ndi iyeyo, adada."

"Alipo, koma sindikumuona." Anagwedeza mutu. "Yewo! Kamera iyi inaleredwa bwino. Foni ya Brave ilibe mwambo, imaonetsa aliyense. Ukwati ndi wanu."

Sindinatsutse. Ndinangowomba m'manja, chokanidwa chija n'kuchibweza m'chikwama.

Ndikutsetsereka, ndinamva wina akuthamanga kumbuyo. Emelda. Anagwada, mwana ali kumsana, maso pansi.

"Achimwene, chithunzi anavundikira chija ndipatseni. Cha ku Joni n'chimenecho. Amuna anga asandiiwale nkhope."

Ndinamupatsa. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka n'kusuzumira nkhope ya apongozi ake pachithunzipo. Anagwira pakamwa.

"Ha! Kani mphuno ya mwana wangayi inachokera kuno?"