Neti Imene Sinamangidwe m'Siwa

Golomoti,
Dedza.

Wokondedwa mlongo wanga Joseph,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko. Kuno tadzuka, koma ndi thupi lokha. Nkhani ndili nayoyi si ya pa foni, n'chifukwa chake kalatayi ndapatsira a Zakeyo, oyendetsa basi aja.

Bambo tinawaika bwino. Mkazi wako Tiwonge anakuimirira mokwanira. Ngakhale ali woyembekezera, anagwira ntchito ngati mwana wa pakhomo pano.

Ukudziwa mmene udzudzu umachitira kuno madambo a Bwanje akadzaza madzi. Tiwonge anabwera ndi neti yatsopano, akuchipatala kwanuko atamuchenjeza kuti thupi lake linaiwala malungo. Atafuna kuimanga m'siwa, azakhali athu a Maliya anamufunsa ngati wabwera kudzalira kapena kudzagona ku hotela. Amayi ena anaseka. Iye anaipinda mwaulemu n'kumagona nafe pamphasa mpaka maliro kutha. Mapiritsi oteteza malungo azakhaliwo anamuletsanso, ati zowawa zimachotsa mimba.

Azakhaliwo sindikuwalankhula, ndakwiya nawo. Akuti n'kufuna kwa Mulungu, ngati kuti Mulungu ndiye anaseka m'siwamo.

Sabata yatha Tiwonge anayamba kunjenjemera, kenako kubwebweta. Tinathamangira naye kuchipatala, koma malungo anali atafika kale kumutu. Joseph, limba mtima, mwana uja wabadwa wakufa. Anali wamwamuna. Amayi akuluakulu anakamuika okha mwakachetechete monga mwa mwambo wa mtayo, mayi wake ali chikomokere.

Dzulo Tiwonge watsitsimuka. Miyendo ilibe mphamvu, ndipo adokotala sakulonjeza kanthu. Amagwira pamimba n'kundifunsa kuti mwana ali chipinda chiti. Ndamuuza kuti anamwino akumusamalira. Lero wandituma ndikamugulire kachipewa pamsika, ati makanda amazizidwa kumutu. Ndagula.

Bodza limeneli landilemera, sindingalisenze ndekha. Bwera, ngakhale ntchito ithe. Nkhaniyi aimvere pakamwa pako, wina asanaiponye mwangozi m'wodimo, pakuti anthu a kwathu ukuwadziwa.

Upereke moni kwa asuweni athu a Kelvin ndi banja lawo. Ambuye akuyendetse bwino panjira.

Ukamuimbira foni Tiwonge usananyamuke, akuuza dzina limene wasankhira mwanayo. Chonde, uliyamikire.

Ndine mlongo wako,
Janet