Mpata Wotsala pa Chiliza cha Esinati

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji?

Ife kuno tilipo. Alamu anga, akazi a achimwene a Fulanki, anachira mwana wamwamuna, ndipo mphuno watengera inu. Denga la khitchini likudonthabe pakona pomwe paja. Mpunga wa kudimba kwanu unabereka, koma mpheta zinatidyera chigawo chonse chakumunsi chifukwa panalibe woziinga.

Woziinga uja ndi amene wandilembetsa kalatayi. Esinati wanga, mdzukulu wanu, anatisiya m'nyengo ya mvula. Anali malungo, masiku atatu okha. Tinamugoneka kumapazi kwanu, ndiye mwina mwaonana kale ndipo ndikukuuzani zomwe mukudziwa.

Loweruka likudzali mmisiri abwera kudzawaka chiliza chake. Mukudziwa mmene amachitira kuno: amalemba ndi msomali simenti ikadali yaiwisi, ndipo ikauma palibenso kuwonjezera. Anandiuza kuti, "Mayi, mawu mundikonzeretu papepala. Simenti sidikira munthu."

Dzina la mwana ndili nalo. Chimene ndikufuna pansi pake ndi dzina la amene munamutchulira, amayi anu. Paja tsiku lotuluka m'chikuta munamunyamula n'kunena kuti, "Amayi anga abwerera." Kuyambira pamenepo munkamugwadira pomupatsa madzi, iye n'kumafa ndi phwete. Koma loti Esinati agogo analilandira pa ubatizo, ali kale ndi ana. Anali ndi dzina lawo lachilomwe lomwe anadza nalo kuchokera ku Mozambique. Mwanayu anandifunsa tsiku lina tikusenda nandolo kuti, "Nanga kwawoko ankawaitana kuti ndani?" Ndinati ndimuuza mawa. Amayi, sindinkalidziwa, ndipo ndinachita manyazi kunena choncho kwa mwana.

Ndayenda. Ndinayamba kutchalitchi, kumene abusa anandifutukulira buku lakale la obatizidwa, mapepala ake ofiira ngati fodya. Ndinawapeza agogo, koma munalembedwa kuti "Esinati, mkazi wa Yohane," basi. Mudzi wochokera munangolembedwa kuti "kwa Apwitikizi," ngati dziko lonselo ndi mudzi umodzi.

Kumanda nako ndinapitako ndi achimwene. Inu munkadziwa manda a aliyense poona mbale kapena mphika woboola womwe unaikidwa pamtumbira. Chaka chatha polambula, achinyamata anatola zonsezo n'kuziunjika patsinde pa mtengo, akuti akuchotsa zinyalala. Sanalakwe dala. Palibe anawauza. Ndinaima pamenepo ndi mbale ya m'mphepete mobiriwira m'manja, osadziwa kuti ndi ya ndani, ngakhale pomwe ndingaibwezere.

Ndiye ndinakwera minibasi kupita ku Malosa kwa amayi aang'ono a Malita, ang'ono anu, omwe ndi okhawo atsala. Akalamba, amayi, mutu sukugwiranso. Atandiona anandiitana dzina lanu, n'kundigwira dzanja mwamphamvu. Chichewa chawathawa chonse, tsopano amangoyankhula Chilomwe, chomwe chija munkatikalipira nacho ife n'kumaseka kuseri kwa nkhokwe. Ndinawafunsa za agogo. Anayankhula nthawi yaitali, misozi ili m'maso, ine ndikujambula mawuwo pafoni, ndikuganiza kuti ndalipeza.

Mawuwo ndinapita nawo kwa a Muhiwa, mkulu wa mpingo uja amachidziwabe Chilomwe. Anamvetsera kawiri. Kenako anaseka pang'ono, n'kusiya msanga ataona nkhope yanga. Anati, "Pepani mwananga, muno mulibe dzina. Akukudandaulirani kuti mbuzi zalowa m'munda wa chinangwa, ndipo inu mwangokhala."

Munkakonda kunena kuti safunsa anadya phula. Ndadya, amayi. Zaka zonse zija ndinkakhala nanu pamkeka, tikukamba za mitengo ya feteleza ndi maukwati a anthu, funso laling'ono ngati ili osalifunsa. Ndinkaganiza kuti mayina amakhala pamalo amodzi ngati phiri la Zomba, kuti tsiku lomwe ndidzawafune ndidzangotukula maso.

Pepala la mmisiri ndalemba. Pali dzina la mwana ndi zaka zake khumi ndi chimodzi. Pansi pake ndamuuza asiye mpata wotalika ngati chikhatho. Iye akuti padzaoneka ngati anaiwala china chake. Ndamuyankha kuti ndi zoona, koma woiwalayo si iye.

Chomwe ndikupempha ndi chimodzi. Mwanayo ndi wamanyazi pa anthu osawadziwa, amabisala kumbuyo kwa chitenje. Mumugwire dzanja, mupite naye kwa amayi anu, ndipo mumuuze dzinalo inuyo, pakuti ine ndalephera.

Ku Malosa ndizipitabe Lachitatu lililonse a Malita akadali moyo, ndizikhala nawo n'kumamvera za mbuzi zawozo. Limenelo ndiye lonjezo lomwe ndingathe.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Agnesi