Mtsuko wa nzama za mbewu

Loweruka, 3 Okutobala 1992

Kalasi yophika lero, pansi pa mtengo wa mango pakhomo panga pano. Phunziro: mfutso wotendera, wothira chidulo, osati soda wa m'sitolo. Tinawotcha zitsononkho, kudontheza chidulo pang'onopang'ono, kusinja nsawawa mpaka mikono kuwawa. Lister, mmodzi wa amayi a m'kalasi, monga mwa masiku onse kufuna kusonkhezera moto waukulu kuti zipse msanga. Ndinamuuza kuti wofuna zothamanga akagule mabanzi pa Chongwe. Aseka onse.

Lamulo la Sisitala Jennifer wa ku mishoni, amene anayambitsa kalasiyi: aliyense abwere ndi kanthu ka m'munda mwake, tiphike pamodzi, tidye pamodzi. Lamulo labwino pa chaka cha mvula. Chaka chino m'minda munatuluka fumbi lokha. Wabweretsa kanthu ndi Lister basi, tomato wofota.

Loweruka, 17 Okutobala

Anthu achuluka. Nkhope zachilendo, ena akuti achokera ku Nkomeshya wapansi, ana kumbuyo, ana m'manja. Mbiri yamveka kuti kwa Christine Loweruka kumadyedwa. Ine kulongosola kanyikidwe ka khobwe, iwo maso ali pa mphika. Palibe wofunsa funso.

Ndinapsa mtima. Kenako manyazi. Khobwe safuna phuma, ndiye ana analira mpaka dzuwa kupendeka, ine ndili pakamwa yavuyavu za ubwino wa moto wochepa.

Chimanga chachikasu chothandiza anthu sichinafikebe kuno.

Loweruka, 31 Okutobala

Khobwe watha. Mfutso watha. Nsawawa zatsala za m'kambale.

Ndinapita kwa Sisitala. Nawonso aonda. Akuti, "Nilibe chokupasani, ba Christine. Ngati vakanga, imikani kalasi." Ndiimike bwanji? Munthu wayenda mtunda wonsewo ndi mwana, ndimuuze kuti lero kulibe?

M'nyumba chatsala ndi mtsuko wa mbewu. Nzama zofiira za malemu apongozi anga, zosakaniza ndi phulusa, pakamwa pomata ndi dothi. Ndizo zokha zinabereka chaka chino pamene chimanga chinapserera. Mtundu umenewu pamsika supezeka. A Vitalis, amuna anga, anamata okha m'mwezi wa Juni nandiuza akusamba m'manja, "Mbeu sitidya, olo pa malilo."

Loweruka, 14 Novembala

A Vitalis ku Chalimbana, kukasaka ganyu. Ndinali nditatsimikiza kuti lero sindisonkha moto.

Tisauke, mtsikana wamasiye wa kutsidya kwa dambo, anafika woyamba. Mwana kumbuyo, tsitsi lofiirira, salira n'komwe. Sanapemphe kanthu. Anangokhala pa mtondo n'kufunsa, "Amai, lelo tiphunzila chani?"

Ndinalowa m'nyumba. Ndinaswa dothi lija ndi mpeni. Ndimati dzanja limodzi lokha, la mwanayo. Ndikutuluka, pabwalo padzaza kale. Dzanja limodzi pamaso pa anthu onsewo? Ndinabwereranso. Ndinabwereranso kachitatu ndi lichero, n'kukhuthula zonse.

Ndinaphunzitsa bwinobwino, ngati kuti zonse zili m'malo. Kupeta phulusa, kutsuka, madzi ambiri, mchere pomaliza, chikuni chimodzi chachikulu. Nzama zouma zimatenga tsiku. Lister anayang'ana phulusa la m'lichero, anandiyang'ana ine. Lero sanadandaule za moto.

Zinakoma, ndisaname. Mwana wa Tisauke anadya zophwanya ndi chala, nagona.

Atapita onse ndinatsikira kumtsinje wouma. Timiyala tating'ono mu mtsuko, phulusa pamwamba, dothi latsopano pakamwa. Mtsuko pamalo pake. 

Lachinayi, 26 Novembala

Pa msika wa Chongwe nzama palibe, zofiira kapena zoyera. Azakhali ake a Lister anadya zawo kalekale. Ku mishoni akuti mbewu ikabwera idzakhala ya chimanga, chomwe chija chinatifera.

Loweruka lapitali ndinanama kuti ndadwala mutu. Anabwerabe, anakhala pansi pa mango mpaka masana, anabalalika. Ndinkawamva ndili gone m'nyumba.

Kawiri konse ndatsegula pakamwa kuti ndiwauze a Vitalis. Abwera ku ganyu miyendo yotupa, kathumba ka ufa wachikasu paphewa. Akakhala pansi maso awo amapita pa mtsuko uja, nkhope n'kumasuka. 

Kodi ndinalakwa? Mwana uja ali moyo. Dzulo ndamuona akukwawa. Koma ife chaka chamawa? Sindikudziwa, Mulungu wanga, sindikudziwa.

Lachiwiri, 8 Disembala

Mvula kuyambira Lamulungu, yeniyeni, yolowa pansi. Mudzi wonse chimwemwe. Ine maso pa mtsuko.

A Vitalis amaliza mizere ya nzama dzulo, munda wonse wa kuseri kwa chulu. Aitana ndi mng'ono wawo Zebron kuti amugawireko pang'ono, poti iye alibe chobzala. Ndawamva akundiyamikira kwa iye: "Akazi bena sembe banaphika kudala, koma uyu wanga niwolimba mtima."

Ndakhala pakhonde, cholembera m'manja, kuti ndioneke wotanganidwa. Autulutsa mtsuko awiriwiri. Akuseka kuti ukulemera bwino. Auika pabwalo. Akundiitana kuti ndibwere ndi lichero ndi mpeni.