Mchere Pansapato za Asewere

Lolemba, 14 Okutobala

Amene adzapeze kabuku aka andikhululukire zilembo zopindikazi, ndi mawu ena olemba mosalongosoka. Sukulu ndinalekezera kalasi yachitatu, dzanja langa linazolowera singano, osati cholembera. Wandigulira ndi mwana wanga Boram, akuti m'malo mokalipira anthu ndizilemba, magazi asamathamange. Chabwino, ndizikalipira pepala.

Lero ndangotsegula shopu, madzi ndisanamwe n'komwe, kwabwera mayi wa jasi lotuwa, mpango wobiriwira m'khosi. Tsitsani icho. Tsitsani chapamwambacho. Zofunda zisanu ndi ziwiri ndatsitsa, kukwera pampando ndi bondo langali. Iye kumangosisita msoko, kununkhiza thonje, kufunsa zachabechabe: mwakhala zaka zingati kuno kumsika wa Dongdaemun, amuna anu alipo? Mpaka kuloza chabuluu chija ndasoka pamanja miyezi itatu, chimene Boram adzapititse kwa makolo a mwamuna wake monga mwa mwambo. Ndati icho si chamalonda. Iye, "Zikomo, ndaona." Uyo!

Kasitomala woyamba! Ndani pamsika pano sadziwa kuti woyamba akatuluka chimanjamanja wakusiyira minyama tsiku lonse? Ndatapa mchere m'kachitini kanga, ndawaza pakhomo monga timachitira. Koma dzanja linali ndi mkwiyo. Wina wamugwera pansapato, iye n'kucheuka. Ine: "Mukuyang'ana chiyani? Kagulenitu pafoni ngati anzanu!"

Mayi Ok, ogulitsa mapilo moyang'anana nane, aseka mpaka kukhosomola. "Amake Boram, tsiku lina mudzathira mchere wapolisi."

Lachiwiri, 15 Okutobala

Atsikana awiri ajambulitsa atatsamira zofunda zanga, chitumbuwa chamafuta m'manja. Banga pachofunda choyera. Sanagule ngakhale nsalu ya pilo. Minyama ya mayi uja ikadalipo.

Lachitatu, 16 Okutobala

Boram waimba. Loweruka tikakumana ndi makolo a Taegyun, chibwenzi chake, kuti tipangane tsiku la ukwati. Ndivala chiyani? Manja angawa ndikawabisa kuti? Nanga ndikataya msuzi?

Ndiye akuti, "Amayi, za kusoka kudenga zija musakazitchule, mwamva? Ndi anthu ophunzira."

Ndisakazitchule! Ndinabwera kuno ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, kamtolo m'manja. Tinkasokera m'kachipinda ka kudenga komwe sungaime chowongoka, madzulo kumalavula fumbi la nsalu. Kamtsinje kodutsa pafupi ndi msikawu anakavundikira ndi msewu tikuona, anakavundukula tikuonanso, lero achinyamata akuviikamo mapazi. Bwalo la mpira anagwetsa n'kuikapo chinyumba chonga beseni lovundikira, alendo kumajambula atayasamula. Zonsezo ine ndili pomwe pano. Msana wopindikawu ndi umene unamuphunzitsa iyeyo. Lero wasanduka wamanyazi?

Pafoni ndangoti ndamva. Ndakalipa pano.

Lachinayi, 17 Okutobala

Boram watumiza chithunzi cha banja la Taegyun kuti ndiwadziwiretu. Bambo a magalasi, Taegyun pakati, kumanzere mayi ake.

Mpango wobiriwira.

Ndachikulitsa ndi zala kasanu. Ndi iwowo.

Lachisanu, 18 Okutobala

Ndawaonetsa Mayi Ok chithunzi chija. Ayamba ndi kugwira pakamwa, kenako kuseka, misozi mbwee.

"Mwawathira mchere asewere anu? Mayo ine! Kadetseni tsitsi, ndikubwerekeni magalasi, sakakuzindikirani."

"Nanga mawu?"

"Mukakhale chete. Kaya mudzatha, zaka makumi atatu sindinaonepo."

Ndikanawagenda ndi pilo wawo yemwe.

Koma wolakwa ndani? Munthu ukafuna kuzonda banja umabwera masana, anthu atagula kale. Umabwera m'mamawa ngati khwangwala? Kuphunzira konseko osadziwa kanthu kakang'ono aka? Anabwera kudzandiyeza ngati nsalu. Ndikaganiza choncho ndikupsa mtima. Ndikaganiza za Boram, mkwiyo wonse ukutha. Boram ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo Taegyun ndiye mwamuna woyamba kumutchula dzina pamaso panga akumwetulira. Sindinamuuze. Ndaigwira foni kanayi.

Loweruka, 19 Okutobala

Tsitsi ndinadetsa. Zachabe.

Titalowa m'chipinda chodyera tawerama popereka moni, iwonso awerama. Podzuka maso anga akumana ndi a mayi a Taegyun. Sanaphethire n'komwe. "Takumana koyamba," atero. Ine ndaweramanso.

Bambo aja ndi munthu wabwino, amangondithirira tiyi. Taegyun thukuta. Atabweretsa msuzi wa mafupa a ng'ombe, mayi aja akankhira kambale ka mchere mbali yanga ndi chala chimodzi. "Yambani ndinu. Dzanja lanu ndi lopatsa."

Ndamwa wopanda mchere mpaka pansi.

Bambo aja atatulutsa kalendala, mayi aigwira. "Za tsiku tisathamangire. Tiyambe taganiza."

M'sitima pobwerera Boram amangodziimba mlandu, akuti ndalakwitsa chiyani ine, kodi ndi diresi, kodi ndinaseka kwambiri? Sindinapirire. Ndamuuza zonse. "Mchere, Amayi? Zaka zino?" Watsika pasiteshoni yosakhala yake.

Lamulungu, 20 Okutobala

Foni sakuyankha. Ndachapa makatani osada.

Lolemba, 21 Okutobala

Ndikukweza chitseko cha shopu, ndangoona nsapato. Zakuda, zopukuta bwino. Mpango womwe uja. Mayi Ok anasiya kukonza mapilo, khosi tolotolo.

Ndinakonza mawu opepesa Lamulungu lonse, koma chimene chatuluka n'chakuti, "Mwabweranso m'mamawa."

"Ndabwera m'mamawa dala," atero. "Tsiku lija ndinangofuna kuona nyumba imene mtengwa wanga akuchokera, anthu asanachuluke. Za woyamba ndinaiwala. Mayi anga ankagulitsa nsomba ku Busan, akanakhala moyo akanandiwaza chitini chonse. Amuna anga sadziwa zimenezo." Apukuta mphuno. "Koma zoti ndikagule pafoni zija zinandiwawa."

Ndawerama mpaka bondo kulira. Iwo aloza pamwamba. "Chabuluu chija. Tsitsani."

Ndatsitsa. Atsegula chikwama. Ndati ayi, ichi n'chanu kale, chibwera ndi Boram chokulunga bwino, mphatso sagula.

"Ndiye nditulukenso chimanjamanja? Nsapato izi n'zatsopano."

"Gulani china. Gulani nsalu ya pilo."

"Ndikufuna ichi."

Takokana, iwo kukankha ndalama, ine kubweza, anthu kuima kumaonerera. Mapeto ake anyamula kachitini ka mchere, atsindira ndalamazo pansi pake, akolekera chofunda paphewa. Sanatchule Boram, sanatchule tsiku. Pakhomo acheuka, ayang'ana kachitini, ayang'ana ine, apita.

Mayi Ok akuti ndiye mtendere umenewo, akutsegulirani malonda a lero ngati mwana wa pamsika. Patapita kanthawi akuti kapena ayi, wogula mphatso yake yomwe ndiye kuti sakudikira kuti imupeze kunyumba. Pakamwa pamodzi mawu awiri! Ndawauza asamale mapilo awo.

Ndalama yoyamba timailavulira pang'ono n'kuika m'thumba la epuloni. Iyi sindinaikhudze, ikadali pansi pa kachitini. Ndikaitenga ndiye kuti ndagulitsa. Shelefu yapamwamba ili mbee. Tsiku la ukwati palibe watchula, Boram sanayankhebe, ndipo sindikudziwa ngati mayi aja anatuluka muno ngati kasitomala kapena ngati asewere.