Chithunzi changa chaimitsa ukwati wa goloboyi wathu

Aphungu,

Ndikukulemberani mtima uli m'mwamba. Chiyambire Lamulungu lapitali sindikukhazikika. Ndikakhala pansi ndikufuna kuyenda, ndikayenda ndikufuna kukhala pansi, ndipo foni ndikuitulutsa ndi kuibweza m'thumba ngati ikutentha.

Ine ndimakonza njinga kuno ku Entre Lagos, m'boma la Mecanhelas, koma anthu sandidziwa ndi sipanala ayi. Amandidziwa ndi bulogu yanga, tsamba la pa intaneti limene ndimalembapo za mpira wa kuno kwathu. Ndinayamba mongocheza, nditaona kuti atolankhani enieni safika kuno. Anyamata amathyoka miyendo pa kampu, bwalo lathu lafumbi la mpira, mpira ukatha nkhani yatheranso pomwepo. Lero amandiwerenga abale athu a ku Nampula, a ku Liwonde, ngakhale a ku Joni, ndipo ndikachedwa kulemba amandikalipira ngati amandilipira. Chasanduka chizolowezi, kapena ndinene matenda. Chigoli chikalowa anzanga amalumpha, ine ndimaweramira foni. Mkazi wanga Violeta amati ndidzalengeza ndekha maliro anga asananditseke maso.

Goloboyi wa timu yathu ndi Tahiru, msodzi wa ku Chiuta, Msilamu. Lamulungulo tinkasewera ndi timu ya ku Amaramba, yopambana ilowe mu ndime yomaliza. Uno ndi mwezi wa Ramazani, pamene Asilamu amasala kudya ndi kumwa masana onse, ndipo dzuwa linali loswa mtengo. Tahiru anagundana mutu ndi wosewera wina, n'kudzuka akudzandira, koma anakana kutuluka. Pa nthawi yopuma ndinajambula mphunzitsi akulangiza anyamata, n'kuponya chithunzicho pa tsamba nthawi yomweyo, osachiyang'ana n'komwe. Kumapeto kwa chithunzicho, kuseri kwa njinga za ogulitsa nsomba, Tahiru anali atagwada, botolo la madzi lili kukamwa.

Ine sindinaone, koma owerenga anga ali ndi maso. Wina anachikulitsa, n'kuzunguliza Tahiru ndi mzere wofiira. Pamene tinkavina kuti tapambana, chithunzicho chinali chitafika kale kunyanja. Ndinachichotsa, koma chili m'mafoni a anthu ndipo chikuyendabe.

Tahiru anatomera mtsikana wina, Mastura, ndipo ukwati unayenera kuchitika ikangodutsa Idi, chikondwerero chotsekera kusala. Bambo ake a Mastura atumiza mawu kuti zonse ziyambe zaima. Akuti anati, "Munthu wobisalira Mulungu kuseri kwa njinga, mwana wanga adzamubisalira kuseri kwa chiyani?" Nditamuimbira Tahiru anangoti, "Achimwene, ndinaona mdima m'maso. Ndinati ndimwe, tsikulo ndidzabweza. Zinali za ine ndi Mulungu wanga, inu mwaziyala pa msika." Kenaka anadula. Masewera omaliza ali Lamulungu likubwerali, ndipo iye wauza anzake kuti afune wina wapagolo.

Chikundidya kwambiri ndi ichi, Aphungu. Ine ndinabadwira ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Mtendere utabwera, amene anatiwolotsa nyanja ya Chiuta pa bwato ndi Che Bwanausi, bambo ake a Tahiru, ndipo munda umene timalima mpaka lero anatipatsa ndi iwo. Amayi amandiuza kuti tsiku limenelo chitenje chawo chinali chitatheratu moti anafunda saka, ine ndili pamiyendo. Che Bwanausi anapalasa ulendo wonse maso ali pa madzi, ndipo sanauzepo munthu. Mwana wa munthu ameneyo ndi amene ndamuchititsa manyazi.

Kaputeni wathu Danieli wabwera ndi nzeru yake. Akuti, "Lembani kuti chithunzicho n'chakale, cha masewera a Ramazani isanayambe. Inu anthu amakukhulupirirani." N'zoona, amandikhulupirira, chifukwa sindinalembepo chigoli chimene sichinalowe. Ine ndiye ndalemba nkhani ina yaitali yopepesa ndi yomuikira kumbuyo Tahiru, ili mu foni, chala chikungoyabwa kuti ndiitumize. Violeta akuti, "Bambo a Luisa, tsekani chitsamba chanucho chisanatimalize." Ndipo ndikuuzeni zochititsa manyazi: tsamba langa silinawerengedwepo ngati sabata ino, ndipo kamtima kena mkatimu kakukondwera.

Ndiname kuti ukwati upulumuke? Nditumize nkhani yopepesayo? Kapena nditseke zonse ndibwerere ku masipoko anga?

J.A., Entre Lagos

*

A J.A.,

Choyamba, chotsani chala pa foniyo. Njira zonse zitatu mwatchulazi zikudzera pa tsamba lanu, chikhalirecho vutoli silili pa tsamba ayi. Lili pa khonde la Che Bwanausi, ndipo inu simunapondeko.

Nzeru ya Danieli itayeni. Pa kampu paja panali anthu odzaza, ena mwa iwo ndi eni njinga zimene zili m'chithunzicho, ndiye bodzalo silingafike ndi Lachisanu lomwe. Komanso tamvetsani dandaulo la bambo a Mastura. Iwo sakulira madzi. Akuopa mkamwini wochita zinthu mobisa. Mukawonjezera bodza pamwamba pake, mwawatsimikizira mantha awo, ndipo Tahiru adzasenza mlandu wa bodza limene sananene. Inunso tsiku lina mudzalemba kuti timu yanu yaberedwa ndi woimbira, a ku Joni adzangoseka.

Nkhani yanu yaitali ija ifufuteni. Ndikudziwa kuti mwailemba ndi misozi, koma ikatuluka anthu amene sanaone chithunzicho ayamba kuchifunafuna, ndipo dzina la Mastura lilowa m'kamwa mwa anthu osamudziwa. Musayesenso kukhala shehe. Chipembedzo chawo chili ndi njira zake za munthu amene wadwala ali pa kusala, ndipo akuluakulu a ku mzikiti amazidziwa kuposa inu ndi ine.

Chimene mungachite n'chosavuta, koma n'cholemera. Mawa siyani foni m'manja mwa Violeta, mutenge amayi anu, mupite kunyanja. Pepesani kwa Che Bwanausi, kenaka kwa Tahiru, popanda "koma sindinaone". Mukatero mumufunse mwini wakeyo chimene akufuna. Inu munaona akugundana mutu, munaona akudzandira. Ankhoswe akafuna mboni, kaneneni zimenezo ndi pakamwa, mutakhala pa mkeka, mukuyang'anana ndi bambo a Mastura. Tahiru akakuuzani kuti musalowerere, bwererani kwanu mwaulemu. Za Lamulungu musazitchule n'komwe. Chikho chimabwera chaka chilichonse, ndipo mnyamatayo akaona kuti mwabwerera magolovesi ake osati iye, mwamutaya kachiwiri. Sindikulonjezani kuti ukwatiwo uchitika, chifukwa zimenezo zili m'manja mwa mabanja awiriwo.

Tsambalo musatseke. Pamenepa ndikusiyana nawo a Violeta, andikhululukire. Popanda anthu ngati inu, mpira wa ku Mecanhelas umathera pa wezulo yomaliza, ndipo manyuzipepala athuwa satumiza munthu kumeneko. Koma dziwani kusiyana kwathu. Ine ndikalemba, pali mkonzi amene amandigwira dzanja nkhani isanatuluke. Inu mtolankhani ndinu, mkonzi ndinu, wosindikiza ndinu, ndipo onse atatuwo ali pa changu. Zigoli lengezani pompo, zimenezo n'za aliyense. Zithunzi zidikire mufike kunyumba, Violeta aziyang'ane ngodya zonse, poti maso ali nawo ndipo pakamwa sasowa. Nthawi yopuma ndi ya osewera: ena amavula, ena amalira, ena amasanza. Wezulo yopumira ikalira foni izilowa m'thumba.

Kamtima kokondwera kaja mwachita bwino kukaulula, koma mukasamale. Kadzakuuzani kuti ulendo wa mawawu nawonso ndi nkhani yokoma, kuti mujambule mukugwirana chanza ndi Tahiru anthu aone kuti mwagwirizana. Mukadzamva chala chikuyabwa, kumbukirani bwato lija. Che Bwanausi anali ndi nkhani yoti akanaikamba pa gombe mpaka ukalamba wawo, ndipo za saka lija inu munazimva kwa amayi anu okha. Mawa mukakaona chilichonse pa khonde lawo, misozi kaya mkwiyo, mukachisiye komweko.

Aphungu